Mzere Wofiira ndi Dzina la pa Fomu

Abale anga, zimene ndikuti ndikuuzenizi ndi zoona zokhazokha, kuyambira mawu oyamba mpaka omaliza. Ngati muli bodza ngakhale laling'ono ngati njere ya chitowe, malata a tchalitchi chino andigwere ine ndekha, inu akulambalaleni. Amayi a kwaya, musandiyang'ane choncho. Ndalumbira.

Panali munthu wina amene ankagwira ntchito pa siteshoni ya kafukufuku wa mbewu, kuchigwa kwinakwake kwa dothi lofiira. Iye ndiye anali mkulu wa ofufuza onse pamenepo. Anali wophunzira kwambiri, moti tsiku limene anapachika mapepala ake a sukulu mu ofesi, khoma linapendekeka. Kwa amene simukudziwa, kafukufuku ndiko kufunsa nthaka funso limodzimodzi chaka ndi chaka mpaka itatopa n'kuyankha. Amadula munda m'tindime ting'onoting'ono, kalikonse ndi nambala yake pa kachikwangwani. Amadzala, amayeza, amalemba m'kope. Chaka chamawa amayambiranso.

Mdani wawo wamkulu anali kaufiti. Mukumudziwa, udzu uja wa maluwa okongola umene umayamwa chimanga kumizu. Koma wa kuchigwa kumeneko anali wamtundu wina. Ukaiwala khasu m'munda, pobwera mawa lake umapeza mpini utawonda.

Tsono mkulu uyu anatchuka chifukwa cha kaufiti yemweyo. Zinamveka kuti wapeza kachomera kena koyanga pansi, ka masamba ngati a nyemba, kamene ukakadzala pakati pa mizere ya chimanga, kaufiti amasamuka osatsanzika. Alimi anayesa, zinatheka. Minda imene anthu anaithawa inayambanso kudzaza nkhokwe. Njirayo anaitcha dzina la mkuluyo. Pa wailesi ankamuitana, kumisonkhano ankamukhazika kutsogolo, pamaliro ankamupatsa mpando wokhala ndi khushoni.

Chaka chimene ankayembekeza kupuma pa ntchito, kunabwera kalata yochokera kulikulu, monga inkabwerera chaka ndi chaka. Inati dziko likufuna kupereka mphoto kwa wofufuza amene anatulukira chinthu chatsopano, chimene sanakopere kwa wina aliyense. Siteshoni iliyonse itumize dzina limodzi. Koma panali lamulo: munthu sadzilemba yekha. Dzina lako alembe ndi mnzako, asayinire ndi mnzako.

Lamulo limeneli akuluakulu a pa siteshonipo analipezera njira kalekale. Ankasinthana. Chaka chino ine ndilemba iwe, chaka chamawa iwe ulemba ine. Mkulu wathuyu anali atalemba kale anzake onse, mmodzimmodzi, ndipo palibe amene anabwerako ndi kanthu. Tsopano inali nthawi yake, yoyamba ndi yomaliza.

Kunyumba, mkazi wake sanadikire kuuzidwa kawiri.

“Suti ija ndapititsa kwa telala, bambo a Mwatitha, akulitse pamimba,” anatero mayiyo. “Sindikufuna batani likathothoke muli pa kanema.”

Wodzaza fomu anali wachiwiri wake, a Chimphamba, munthu wokonda tiyi ndi mtendere. M'mawa wina analowa mu ofesi fomu ili m'manja.

“Achimwene, ndadzaza zonse, kwatsala funso limodzi,” anatero a Chimphamba. “Akuti ganizo limeneli linabadwa liti, ndipo umboni wake uli kuti. Kandipezereni kope loyamba, tijambule tsamba lake titumizire limodzi.”

Mkulu uja anapita kuchipinda chosungira makope akale. Anafukula, anayetsemula, anafukulanso. Analipeza kope la zaka khumi ndi zinayi zapitazo, chikuto chake chitadyedwa ndi njenjete. Anatsegula akumwetulira, ngati munthu wokakumana ndi chithunzi chake cha paunyamata.

Pa tsamba la ndime nambala 17 anapeza mzere wofiira, wodutsa kuchokera pamwamba mpaka pansi. Pambali pake panali mawu olembedwa ndi dzanja lake lomwe: “Mwawerenga molakwika. Fufutani.” Siginecha yake ili pomwepo, yaikulu ngati ya nduna.

Apa ndikufotokozereni pang'ono. Anthu a kafukufuku ali ndi chizolowezi chawo. Nambala imodzi ikasiyana kwambiri ndi zinzake, sakayikira nthaka ayi, amakayikira amene wawerenga. Amati waodzera, n'kuitaya nambalayo kuti isasokoneze zinazo. Chaka chimenecho ndime zonse zinali ndi kaufiti mazanamazana. Ndime 17 yokha inali ndi atatu. Mkuluyo ataona zimenezo anaseka, n'kutulutsa bolopeni yake yofiira.

Wowerengayo anali mayi Enelesi Kachingwe. Sanali dokotala wa chilichonse. Anali ndi kasatifiketi kamodzi ka zaulimi, ndipo ntchito yawo inali kuwerama m'tindime tija kuwerenga mapesi, ndi kuima pa sikelo kuyeza zokolola. Anthu ambiri pa siteshonipo ankangowaitana kuti mayi a sikelo.

Mayiwa sanafufute. Pansi pa mzere wofiira uja panali timalemba tating'ono ta pensulo: “Ndawerenganso kawiri. Ndi atatu ndithu. M'ndime muno muli kachomera koyanga kamene aganyu anaiwala kupalira.”

Mkulu uja anakhala pansi pa thumba la mbewu n'kuyamba kutsegula masamba otsatira. Pensulo yokhayokha. Chaka chachiwiri mayiwa anapempha kamalo kotayidwa kuseri kwa nyumba ya manyowa, n'kudzala okha mizere isanu ndi umodzi, itatu yokhala ndi kachomera kaja, itatu yopanda. Ankapitako nthawi ya nkhomaliro, anzawo akudya. Chaka chachitatu anasintha malo, kuti mwina ndi nthaka chabe. Chaka chachinayi anasinthanso. Pamenepo m'pamene anagogoda pa ofesi, kope lili m'manja, n'kunena kuti, “Bwana, pepani, mwina mungaoneko.”

Ndipo bwana anaonadi. Sanali munthu woipa, musamuweruze msanga. Anaona kuti m'kopemo muli chinthu, anachitenga, anachiyesa m'minda ikuluikulu, anachilemba m'Chingerezi chovuta, anachiyendetsa dziko lonse. Anagwira ntchito, thukuta linatuluka. Dzina la mayi Enelesi analiika kumapeto kwenikweni, m'malemba aang'ono, pamodzi ndi oyendetsa thirakitala. Ndipo pofotokoza nkhaniyo chaka ndi chaka, iye mwini anafika pokhulupirira kuti anaona yekha. Sanabe ndi manja. Anangoiwala, kuiwala kuja kumene kumagwira anthu akakwera.

Kuchokera kuchipinda chimenecho kukafika ku ofesi ndi mapazi makumi atatu. Tsiku limenelo anayenda maola awiri.

Ankati akaponya phazi limodzi, mtima umati, “Tumiza tsamba la chaka chachisanu, pamene unayambira iwe. Ndani adziwe?” Akaponya linalo umati, “Tsamba limodzi likathothoka m'kope lakale chonchi, mlandu ndi wa njenjete.” Ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti mayi Enelesi sangatsegule pakamwa. Zaka khumi ndi zinayi sanadandaulepo ngakhale kamodzi.

Podutsa pa shedi yoyezera anasuzumira pawindo. Anawaona mayi aja ataima pa sikelo, imvi zitayamba kutuluka pansi pa duku, akuyang'anitsitsa muvi wa sikeloyo, pensulo ili kukhutu. Anawaona akutsitsa thumba, n'kulikwezanso kuti atsimikize.

Pamenepo funso limodzi linamugwera ngati chipika cha mtengo: mayi awa akanandimvera tsiku lija, ine ndikanakhala yani?

Anayamba kuona zinthu zake chimodzichimodzi. Dzina lija la pa wailesi. Mpando uja wa khushoni. Alimi aja omugwira chanza ndi manja awiri. Zonsezo zinali zitaima pa timalemba ta pensulo timene iye analamula kuti tifufutidwe. Manyazi anabwera, inde, koma sanakhalitse. Chimene chinatsala chinali china, chofunda. Munthu uja anazindikira kuti zaka zonsezi wakhala akudya zopatsidwa, ndipo sananenepo zikomo.

Analowa mu ofesi n'kuika kope patebulo.

“A Chimphamba, chotsani dzina langa. Lembani Enelesi Kachingwe.”

A Chimphamba anatsitsa kapu ya tiyi pang'onopang'ono. “Achimwene, kapena ndi malungo? Mayi amene uja alibe digiri ngakhale ya kubwereka.”

“Fomu sikufunsa digiri. Ikufunsa amene anaona poyamba.”

A Chimphamba anawerenga tsamba lija mpaka pansi, n'kukanda pamutu. “Chabwino. Koma ili tisatumize. Lili ndi mzere wanu, ndi siginecha yomwe. Akakusekani kulikulu.”

“Limenelo likhale pamwamba,” anatero mkuluyo. “Popanda ilo sangadziwe kuti mayiwa anapirira zotani.”

Anasayinira onse awiri, envulopu inapita.

Kunyumba mkazi wake anamvetsera nkhani yonse. Anapukuta mbale imodzi kanayi. Kenaka anafunsa, “Nanga suti ija?”

“Ndikavala pokaombera m'manja.”

“Mukanandiuza, ndikanati telala akulitse m'mapewa,” anatero mayiyo, n'kumuwonjezera ndiwo.

Nkhani siichedwa pa siteshoni. Patapita masiku awiri mayi Enelesi anagogoda pa ofesi, monga anagogodera kale lija. Anakana mpando.

“Bwana, ndamva kuti mwatumiza ndi tsamba la mzere lija. Simukanatero. Ine sindikanauza munthu.”

“N'chifukwa chake ndatumiza, mayi,” anayankha mkuluyo. Anaimirira, munthu wa mapepala opendeketsa khoma, n'kugwira dzanja lawo ndi manja ake awiri. “Zikomo chifukwa simunandimvere.”

Mayiwo anati, “Zikomo chifukwa mwakumbukira.” Anatuluka n'kubwerera ku sikelo, poti matumba anali akudikira.

Oweruza kulikulu anali ndi maina ochokera dziko lonse, a madokotala ndi mapulofesa, mulu wofika m'chiuno. Koma atafika pa tsamba la mzere wofiira ndi pensulo pansi pake, anasiya kufunafuna. Anati ichi ndicho tikufuna, munthu amene anaona chimene wina aliyense sanaone, n'kuchigwiritsitsa ngakhale atauzidwa kuti achitaye.

Tsiku la mphoto, dzina la mayi Enelesi Kachingwe linaitanidwa m'holo yodzaza. Anayenda mwaulemu, atavala chitenje chatsopano. Atawapatsa maikolofoni sanachulutse mawu. Anathokoza Mulungu. Anathokoza aganyu aja amene anaiwala kupalira, nati akanakhala akhama bwenzi lero kulibe phwando. Holo yonse inaseka. Kenaka anayang'ana kumbuyo kwenikweni kwa holoyo, nati, “Ndi bwana wanga, amene anali ndi mpata umodzi wokha, n'kulembapo ine.”

Mkulu uja anali pa benchi yomaliza. Anaomba m'manja anthu onse ataimirira, anaombabe anthu atakhala pansi, anaombabe osesa atayamba kusesa. Manja anatupa masiku atatu, moti zingwe za nsapato ankamumangira ndi mkazi wake. Anapuma pa ntchito wopanda mphoto iliyonse. Koma amene ankakumana naye pamsika amati nkhope yake inali ngati ya munthu amene watula katundu atayenda naye mtunda wautali.

Tsono abale anga, tanthauzo lake nali. Aliyense wa ife pano waima pa pensulo ya munthu wina. Pali amene anaona kanthu mwa iwe pamene ena anati fufutani. Pali amene anakupempherera iwe osadziwa, amene anawerama kuti iwe uwongoke, ndipo dzina lake unaliika m'malemba aang'ono, kapena sunalilembe n'komwe. Kuthokoza kwa mumtima mokha n'kotchipa. Kuthokoza kwenikweni kumatchula dzina, pagulu, ngakhale potero mzere wako wofiira uonekere.

Ndipo kumbukirani lamulo lija. Kumwambanso munthu sadzilemba yekha. Ungakhale ndi mapepala odzaza khoma, sungasayinire fomu yako. Pali Mmodzi amene malo anali ake, oyenera iye yekha, koma analemba dzina lako ndi langa, nasenza manyazi kuti ife tiitanidwe kutsogolo. Ngati Ambuye anatichitira zotere, kodi ife tingalephere kuyenda mapazi makumi atatu kukanena zikomo? Sabata ino isathe musanamupeze munthu wanu wa pensulo. Mumuuze pamaso, ndipo muuzenso ena.

Nkhani yathera pamenepa, ndipo monga mukuonera, malata sanagwe. Kungoti za kutupa kwa manja zija ndaikamo ndekha, poona kuti a kumbuyoko ayamba kusinza. Munthuyo ankavala nsapato zopanda zingwe. Amayi a kwaya, tiyambitsireni nyimbo.