Mbereko Imene Inamasuka pa Mjigo

Panali mayi wina, dzina lake Namilanzi, amene anadwala khansa ya m'mawere mwana wake akadali kubere. Mwamuna wake anali ku Joni, kuja amapita amuna n'kuiwala njira yobwerera. Choncho mng'ono wake Dorofe anasiya banja lake kutsidya kwa mtsinje, nabwera kudzalera kamwanako. Kanali kakakazi, dzina lake Sungeni.

Kuchipatala chachikulu anamudula bere lakumanzere. Kenako anayamba kumupatsa mankhwala a m'diripi, aja amathothola tsitsi ngati nkhuku yoviikidwa m'madzi otentha. Miyezi isanu ndi itatu inatha akupita, akubwera, akusanza, akugona. Tsiku lina dokotala anayang'ana mapepala nati, "Mayi, pakadali pano chotupa sitikuchionanso. Muzibwerabe tizikuonani."

Mawuwa anafika kumudzi mwiniwake asanatsike minibasi. Ndipo mukudziwa nokha mmene mawu amanenepera panjira. Kuchipatala ananena kuti "pakadali pano", kumudzi anamva kuti "wachira!"

Lamulungu lotsatira mpingo unachita chiyamiko. Anamuimiritsa kutsogolo, duku latsopano kumutu. Mayi Chimphamba, mtsogoleri wa amayi, munthu woti akanong'ona amamveka kumsika, analiza nthungululu mpaka ana akhanda kudzidzimuka.

"Nenani, mayi!" anafuula motero. "Nenani Satana achite manyazi!"

Namilanzi anakweza manja nati, "Ndachira. Kuyambira kumutu mpaka kuphazi, palibe pondipweteka." Tchalitchi chonse chinagwedezeka.

Musafulumire kumutcha wabodza. Anthuwa anamupempherera miyezi isanu ndi itatu. Anasala kudya chifukwa cha iye, anatuta nkhuni, anamulimira munda. Akanaima bwanji pamaso pawo n'kunena kuti "komabe"? Mawu amenewo anawameza.

Koma thupi silimva nthungululu. Mankhwala aja anapha chotupa, inde, koma anasiya dzanzi m'zala zake zonse khumi, dzanzi losatha. Singano inkagwa iye akuyesa kuti waigwira. Akagwira chivundikiro cha poto, ankadziwa kuti wapsa poona thuza. Mkono wakumanzere unkatupa ndi kulemera. Kukazizira, chipsera cha pachifuwa chinkakoka. Nanga kutopa! Ankadzuka m'mawa ali wolefuka ngati wachezera kulima.

Kamodzi kokha anayesa kunena. Anauza mayi woyandikana naye nyumba kuti, "Zala zangazi sizikumva bwino."

"Aa, musamatero inu!" anayankha mnzakeyo. "Mukuitana matenda ndi pakamwa panu. Anzanu aja munagona nawo m'wodi ali kumanda. Muziyamika!"

Kuyambira tsikulo Namilanzi anatseka pakamwa.

Patapita masabata awiri, mwamuna wa Dorofe anatumiza mawu kuti, popeza wodwala wachira, mkazi wake abwerere. Dorofe anamanga katundu, koma mtima sunamulole. Anaima pakhomo nafunsa, "Achemwali, mwalimbadi? Ndinene kuti andidikire mwezi wina?"

"Pita, mng'ono wanga, banja lisathe chifukwa cha ine," anatero Namilanzi. "Si unamva wekha kutchalitchi?"

Dorofe anapita.

Tsono amayi muli panonu mundichitire umboni. Mfundo ya mbereko siimangidwa ndi maso. Mayi amaponya mwana kumsana, amakoka nsalu, amamanga pachifuwa uku akucheza, uku akukalipira mbuzi. Zala ndizo zimamuuza kuti yalimba. Namilanzi zala zake sizinkamuuzanso kanthu. Ndiye anapeza nzeru yake. Ankalowa m'nyumba, n'kutseka chitseko, n'kumanga akuyang'anitsitsa, kenako n'kuluma nsonga ya nsalu ndi mano, n'kukoka mpaka mfundo italimba. Palibe amene ankamuona.

Tsiku lina m'mawa anapita kumjigo. Mzere unali wautali, Sungeni anayamba kuvuta, ndipo anamutsitsa kuti asewere. Ndowa itadzadza, inakwana nthawi yomuberekanso. Amayi anali mbwee pamenepo, ndipo mayi Chimphamba analinso pomwepo.

"Taonani umboni woyenda ndi miyendo!" anatero mayi Chimphamba. "Dzana lomweli timati tikumba manda, lero akutunga okha madzi!"

Maso onse anatembenukira kwa iye. Aluma bwanji nsalu ndi mano ngati galu, anthu akumuyamikira chonchi? Anaponya mwana kumsana, nakoka nsalu, namanga akuyang'ana kumbali, akuseka, monga amachitira mayi aliyense. Anzake awiri anamusenzetsa ndowa. Atangokweza manja kuti aigwire pamutu, mfundo ija inapulumuka.

Sanamve kanthu pachifuwa. Anangomva kuti kumsana kwapepuka.

Mayo! Mwana anagwera pa simenti ya mjigo, chigongono patsogolo. Analira kulira kumene mayi samaiwala mpaka kufa. Kamkono kanali lende.

Amayi anathamanga naye kuchipatala chaching'ono, ndipo kumeneko anamuika chikhakha pamkono wothyokawo. Pobwerera, amene anali kumbuyo ankanong'ona, koma Namilanzi ankamva. "Mayi wanji wosadziwa kumanga mwana? Kapena mankhwala aja anamusokoneza mutu?" Anafika kunyumba, nagoneka mwana, nakhala pansi akuyang'ana zala zake. Anazida. Anadzidanso yekha.

Lamulungu litafika, nthawi ya zolengeza, anaimirira osaitanidwa. Anayenda mpaka pamalo pomwe paja anaperekera umboni. Anthu anayamba kukonza kukhosi, akuyesa kuti kukubwera chiyamiko china. Iye anasolola singano imene anabaya pakolala ya bulauzi, naikweza kuti onse aione. Kenako anadzibaya nayo kunsonga ya chala. Magazi anatuluka, nadontha pansi. Nkhope yake sinasinthe.

"Magazi mukuwaona," anatero. "Ine sindikumva kanthu. Mulungu anandichitira chifundo, sindikukana, ndili moyo. Koma ndinakunamizani. Sindinachire monse. Ndimatopa, ndimamva kuwawa, ndipo mwana wanga sindingathe kumumanga kumsana. Ndinachita manyazi kunena, ndipo amene walipira manyazi angawo ndi Sungeni."

Nthungululu panalibe. Ena anazyolika. Ena potuluka anati waononga umboni wabwino, akanangokhala chete. Anthu oterewa sasowa, mwina ena tili nawo pano.

M'mawa mwake kunamveka odi pakhomo, odi wapansipansi, woti Namilanzi sanamuzindikire. Anali mayi Chimphamba. Sanalalikire, sanaimbe. Anangoti, "Tembenukani, mayi." Ananyamula Sungeni akusamala chikhakha chija, namuika kumsana kwa amake. Anadutsitsa nsalu paphewa lakumanja kuti isakhudze chipsera, namanga mfundo, naikoka kawiri.

"Tinakufunsani kamodzi kokha, pagulu, ng'oma zikulira," anatero, misozi ili m'maso. "Munthu akanayankha chiyani?"

Anabweranso mawa lake, ndi mkuja. Akatanganidwa ankatuma mayi wina. Anatero mpaka Sungeni atasiya kuberekedwa.

Musayembekezere kuti ndinena kuti zonse zinakhala bwino. Dzanzi lija linachepa pang'ono, koma silinathe. Chikhakha chitachotsedwa, kamkono kanapola mokhota, ndipo sikanaongokenso. Sungeni anakula akusenza ndowa ndi dzanja limodzi, ndipo amake ankamuyang'ana tsiku ndi tsiku akuchokera kumjigo komwe kuja.

Tsono mverani, abale anga. Inu amene munatuluka m'chipatala muli ndi zotsalira m'thupi, kunena kuti "pakundipwetekabe" si kunyoza Mulungu. Uzani a kuchipatala, uzani abale anu. Paja mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndipo nthawi zina imene imafera kuunako si iyo yokha.

Ndipo inu a nthungululu, inu ofulumira kupinda mphasa ya wodwala, imbani ndithu, kuyamika n'kwabwino. Koma nyimbo ikatha, anthu akabalalika, pitani kwa mnzanuyo muli nokha. Khalani pansi. Mufunseni kachiwiri, motsitsa mawu, ndipo mudikire yankho. Mukapanda kutero, mudzalimva yankholo pa simenti ya mjigo.