Zimene Anaona Wosokerera Mabatani

Shopu ya Atelala inali ndi zipinda ziwiri. Chakutsogolo chinali cha makasitomala: makina awiri osokera, galasi lalitali, tebulo lodulirapo nsalu, ndi benchi pomwe amayi ankadikirira madiresi awo uku akujeda anzawo omwe sanabwere. Chakumbuyo, kuseri kwa katani, kunali simbi, matumba a zidutswa za nsalu, ndi mng'ono wawo wa Atelala.

Mng'onoyo anadwalapo matenda a maganizo ali mtsikana, mpaka anagonekedwa kuchipatala nthawi yaitali. Anatulukako ali bwino, ndipo mapiritsi ake ankamwa mosaphonya ngati mmene amachitira wodwala shuga. Koma anthu amakhululukira wakuba msanga kusiyana ndi munthu amene mutu unamusokonekerapo. Atelala anamutenga, ankamudyetsa, ankamuveka, ndipo apa tisawanamizire, sankamumana kanthu. Chomwe ankamumana ndi khutu. Ntchito yake inali kusokerera mabatani ndi kupinda masiketi, mpaka dzina lake lenileni linafa, aliyense n'kumangoti Mabatani. Akanena kuti zipi iyi yafupika, yankho linali lakuti, "Wamwa mankhwala lero?" Akaseka kwambiri, funso lomwelo. Akakhala chete, lomwelonso.

Kunyada konse kwa Atelala kunali pa mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, amene ankaphunzitsa kusekondale. Iwo omubereka ankamutchula kuti Aphunzitsi, makamaka pakakhala anthu oti amve. Mtsikanayo atachira mwana wake woyamba, anabwera kudzakhala kwa mayi ake, poti mwamuna wake anali woyendetsa magalimoto a katundu ndipo ankatha milungu ali pamsewu. Masana mtsikanayo ankakhala mushopu momwemo, khanda lili m'basiketi pafupi ndi makina. Makasitomala ankamuyamikira kuti wachangamuka msanga ngati sanabereke n'komwe, iye n'kumamwetulira. Akatopa ndi kumwetulirako ankalowa kuseri kwa katani kukasita matewera.

M'mawa wina shopu isanatsegulidwe, Atelala akuthira oyilo m'makina, Mabatani anatuluka kuseri kuja n'kuima pafupi nawo.

"Achemwali, mwana wathuyu sali bwino."

"Ndani? Khandali?"

"Ayi, make. Sakugona. Khanda likagona iye amangokhala, maso ali pakhoma. Matewera omwewo akumawasita kubwerezabwereza. Poyamwitsa amayang'ana kumbali ngati mwanayo ndi wobwereka. Dzulo wandifunsa kuti ineyo zinandiyamba bwanji."

Atelala anaika botolo la oyilo pansi. "Ndiye iwe wamuuza chiyani?"

"Zoona zake. Kuti tulo timayamba kuthawa, kenako mumtima mumabwera mawu okuuza kuti ndiwe wachabechabe, kuti anthu angapume utachoka. Njira imeneyi ndinayendamo, achemwali, sindingaisokoneze ndi ina. Amayi ena zimawachitikira akangobereka, ndipo zimachizika. Tipite naye kuchipatala madzi akadali m'nkhongono."

Atelala anagwidwa ndi mantha, koma mantha a munthu wonyada amatulukira pakamwa ngati ukali. Anakumbukira mmene anthu anawalozera zala mng'ono wawoyu atadwala, mmene chibwenzi chake chinathera, mmene achibale ena anasiyira kubwera pakhomo. Nyumba imodzi amisala awiri? Makasitomala akanati chiyani? Nanga kusukulu, ndani akanapereka ana ake kwa mphunzitsi wotero?

"Iwe, poti unapenga ukufuna aliyense apenge?" anatero. "Aphunzitsi angotopa basi. Ndani anabereka n'kumagona tulo tokoma? Ife tinabereka, tinalira, tinapukuta misozi n'kukhala pa makina. Ndiwe amene ukumuthira maganizo oipa mwana wanga."

Tsiku lomwelo anasamutsa simbi kuibweretsa kutsogolo, kuti mtsikanayo asakhalenso ndi chifukwa cholowera kuseri. Ataona kuti awiriwo akuyang'ananabe, anaimbira foni mchimwene wawo amene ankakhala mbali ina ya tauni, n'kumuuza kuti Mabatani zayambanso kumuvuta, abwere kumeneko akapume. Mabatani sanakangane nawo. Analongedza zovala ndi mapiritsi ake m'chikwama, ndipo ali pakhomo anatembenuka.

"Ndikupita, achemwali, koma musamamusiye yekha. Ndipo tsiku lina akadzadzuka wopepukidwa, akukonza zinthu zake bwinobwino, musadzasangalale. Tsiku limenelo ndiye mudzamugwire dzanja."

"Pita bwino," anatero Atelala, maso ali pa nsalu imene ankalemba ndi choko.

Masiku anapita. Mtsikanayo anaonda mpaka siketi inayamba kuzungulira m'chiuno, Atelala n'kuibweza ndi manja awo osafunsa kanthu. Anamugulira mankhwala owonjezera magazi. Anaitana amayi akutchalitchi, anapemphera mpaka benchi kunjenjemera, ndipo pochoka anamuuza kuti azithokoza Mulungu poti ena akulira kufuna mwana. Iye anavomera kuti ame. Pamene ankamupeza akulira, ankati ndi mutu, ndipo Atelala ankakonda yankho limenelo chifukwa mutu uli ndi mankhwala ake pagolosale.

Kenako m'mawa wina anadzuka wowala nkhope. Anasambitsa khanda, anapinda tizovala take n'kutisanja bwino, anasesa shopu yonse. Anaima kumbuyo kwa mayi ake n'kuwagwira paphewa.

"Amayi, mwandivutikira. Zikomo."

Mtima wa Atelala unayera mbee. "Mwaona?" anauza kasitomala amene ankamuyeza diresi la ukwati. "Ena ankati akudwala. Kudwala kwake kumeneku?"

Dzuwa lili paliwombo mtsikanayo anati akukagula sopo. Atelala anali ndi mapini pakamwa, anangogwedeza mutu. Anamaliza kuyeza diresi, anadula nsalu ina, khanda linadzuka n'kuyamba kulira, koma make osabwera. Atelala atapita kukalinyamula anapeza m'mbali mwa basiketi muli mabotolo a mkaka wofinya, ondandalikidwa bwino, pamodzi ndi khadi la kusikelo, foni ya mtsikanayo ndi mphete yake. Sopo anali wodzaza pashelefu. Pamenepo mawu a pakhomo aja anawabwerera onse.

Anasiya khanda m'manja mwa kasitomala n'kuthamangira mumsewu, tepi ili m'khosi. Anafunsa pagolosale, anafunsa ogulitsa zipatso, anaimbira anzake akusukulu. Palibe amene anamuona. Atasowa kolowera, anaimba nambala ya mchimwene wawo, ndipo mawu amene anatuluka anali akuti, "Mupatse foni mng'ono wanga."

Mabatani anafika pa njinga yamoto, mpango uli m'manja. Sanafunse kuti wolakwa ndani.

"Kwa anzake musavutike nako," anatero. "Munthu akafika apa safuna omudziwa. Amafuna malo oti palibe womuyankhula. Tiyeni kumlatho."

Anamupeza kumeneko, pa mlatho wa oyenda pansi wodutsa pamwamba pa njanji, ataima yekha, nsapato atazivula n'kuziika pambali. Atelala anatsegula pakamwa kuti akuwe, koma Mabatani anawagwira mkono mwamphamvu.

"Musakuwe. Imani pompano."

Kwa nthawi yoyamba pa moyo wawo, Atelala anamvera mng'ono wawo. Anaima patali n'kumamuona akuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wongodutsa, n'kukaima pambali pa mtsikanayo osamukhudza. Zimene ankayankhulana sanazimve. Anangoona mutu wa mwana wawo ukugwedezeka kukana, kenako ukuwerama, kenako mapewa akugwedezeka ndi kulira. Anthu ankadutsa ndi katundu wawo, osadziwa kanthu. Patapita nthawi imene Atelala anaiona ngati chaka, Mabatani anawerama, anatola nsapato zija n'kumuveka mwana wa mkulu wake ngati kamwana.

Kuchipatala anamugoneka. Dokotala, mayi wofatsa wa magalasi, ananena mosakalipa kuti matendawa ndi odziwika, ndipo akanabwera msanga mwina sakanafunika n'kugona komwe. Mawu ofatsawo anawapweteka Atelala kuposa kutukwanidwa. Milungu inadutsa. Mkaka wa mtsikanayo unauma, khanda linazolowera botolo ndi fungo la agogo ake, ndipo kumwetulira kwake koyamba make sanakuone. Mkamwini anabwera kuchokera kuulendo, anakhala pa benchi ya makasitomala n'kulira ngati mwana, akufunsa chifukwa chake palibe anamuuza.

Tsiku lina lokaona odwala anamupeza mtsikanayo ali panja pamthunzi, nkhope itayamba kubwerera. Mabatani anakhala mbali ina ya benchi, akumupesa tsitsi. Atelala anakhala mbali inayo, ndipo funso limene linkawadya masiku onsewa linatuluka.

"Mwana wanga, bwanji sunandiuze? Si ine mayi ako?"

Mtsikanayo anayang'ana manja ake. "Ndinkafuna, amayi. Koma ine ndakulira m'nyumba mwanu. Ndikudziwa mmene munthu wa matenda awa amakhalira kwathu. Amadya, amavala, koma akayankhula zimakhala ngati kwawomba mphepo. Ndiye ndinaona kuti bola ndife ndili Aphunzitsi anu, kusiyana n'kukhala moyo ndili wamisala wanu."

Atelala anamva manyazi ndi chisoni zimene sanazimvepo chibadwire. Zaka zonsezi ankaganiza kuti akusunga mng'ono wawo, osadziwa kuti pali mwana amene akuonerera ndi kuphunzira zimene zidzamuchitikire iye akadzadwala. Analira poyera, anamwino akudutsa, osabisa nkhope.

"Matendawa si ine, amayi," anapitiriza mtsikanayo. "Mayi aang'ono ndi amene andiphunzitsa zimenezo. Ndi chinthu chimene ndili nacho, ndipo ndiyenera kuchidziwa bwino kuti chisandilamulire. Ndikatuluka muno ndizimwa mankhwala, ndizibwera kudzacheza ndi adokotala, ndipo sindidzabisala."

Atelala anapukuta m'maso ndi m'mphepete mwa chitenje. Anayang'ana mng'ono wawo, munthu amene anamuthamangitsa pakhomo chifukwa chonena zoona.

"Mng'ono wanga, akatuluka, ineyo ndizitani?"

Mabatani sanasiye kupesa. "Muzimufunsa kuti wagona bwanji, ndipo akayamba kuyankha, muziimitsa makina."

Atelala anagwedeza mutu, n'kufunsanso funso lina, kenako lina, mpaka belu lotulutsa alendo linalira iwo akumvetserabe. Anatsala pang'ono kuika mwana wawo m'manda chifukwa choyang'ana amene akunena m'malo momva zimene akunena, pamene ngoziyo anaiona patali ndi yemwe anaidutsamo kale. Akuluakulu sananame pamene anati wamisala anaona nkhondo.