Chitseko cha Yunike

Ezekiele analonjeza akadali mnyamata wa kabudula wazigamba, chaka chimene mbendera ya atsamunda inatsitsidwa. Tsikulo anaperekeza mchemwali wake Yunike kuchipatala china cha m'mapiri a Neno. Yunike ndiye ankamubereka kumsana ali khanda, poliyo asanapinde miyendo ya mchemwaliyo n'kuisiya yowonda ngati mapesi. Tsono pakhomo pa chipatalacho panali masitepe ataliatali. Yunike anawakwera chokwawa, nsalu ikukolakola, anthu a pamzere atangoti maso dwii ngati akuonera gule.

Pobwerera mnyamatayo anati, "Achemwali, ine ndidzamanga chipatala chopanda masitepe. Woyamba kulowamo mudzakhala inu."

"Yamba wamanga khola la nkhuku," anatero Yunike. Koma mawuwo anawamanga pamfundo ya nsalu.

Ezekiele anapita kukaphunzira za mafupa ku Blantyre, kenako ntchito inamutengera ku Bulawayo, ndipo zaka zoposa makumi awiri zinamumeza. Ambiri a ife amene tinachoka masiku amenewo tinabwerako ndi sutikesi yoweyeseka ndi chifuwa chosamva mankhwala. Iye anabwerako ndi manja odziwa kubwezera fupa m'malo mwake, chilolezo cha boma, ndi lonjezo lija lili lamoyo. Anapeza malo kufupi ndi Chifunga n'kuyamba kuumbitsa njerwa.

Mamangidwe ake anthu sanawaonepo chibadwire. Maziko atakumbidwa, amisiri anapeza dokotala wathunthu atavula jekete, akukwawa m'fumbi kuchokera pamsewu mpaka pamene padzakhale chipinda choonera odwala. Ena anati maphunziro amuzunguza mutu. Iye ankafuna kuona dziko monga amalionera munthu amene maso ake amalekeza m'mawondo mwa anzake. Madzulo ankapita kwa Yunike, amene ankakhalira kuluka mphasa, n'kumupempha kuti atambasule mkono kukhoma.

"Ukundiyeza bokosi ndili moyo?"

"Ndikuyeza chitseko, achemwali."

Nyumba ija itaima, anthu ankachokera ku Matope, ena kutsika mapiri a Dambe, kudzangoiona. M'malo mwa masitepe panali kanjira kokwera pang'onopang'ono, moti madzi otayikirapo ankayamba aganiza asanatsetsereke. Chitseko chinali cha mlombwa, chachikulu choti machira alowe onyamula osapendekeka, ndipo chinali ndi zogwirira ziwiri, china pamwamba, china m'munsi. Pansi anakana polishi wofiira amene amayi athu ankanyadira. Simenti anaisesa ndi tsache ikadali yaiwisi kuti ndodo za odwala zisaterereke. Mawindo anatsika mpaka m'mawondo, kuti wokhala pansi aziona mapiri ali buluu kutali. Makoma sanawapake zoyera zoopsa zija za m'zipatala, koma mtundu wa papaya wakupsa, ndipo m'mbali mwake munkayenda mitengo yosalala yogwirira. M'chipinda chodikirira munali mabenchi aatali ndi aafupi, ndi malo a mphasa otsamira kukhoma. Ngakhale mpando wa dokotala anaudula miyendo, kuti wodwala asamalankhule ndi chibwano cha munthu.

Bambo wina wokalamba anasuzumira pawindo, navula chipewa ngati wafika patchalitchi. "Nyumba iyi yagwada," anatero. Zipatala za m'mayiko a eni taziona, za magalasi ndi makina okweza anthu m'mwamba, koma nyumba yogwadira wodwala inali imeneyo basi. Lero ndi sitolo ya feteleza, ndipo mwini wake anawonjezerapo masitepe kuti izioneka yapamwamba.

Utoto utauma, Yunike anabwera pangolo ya ng'ombe, tsiku wamba, dzuwa litapendeka. Chiyambire kukwera kwa makoma anali asanafikepo. Anatsika, navala mapatapata ake m'manja, n'kukwera kanjira kaja popanda womuthandiza. Atafika pachitseko anatambasula mkono, ndipo chogwirira cham'munsi chinalowa m'dzanja lake ngati chinamera momwemo.

"Tsegula, Ezekiele."

Kiyi anali m'thumba la malaya. Ezekiele anamugwira, koma sanamutulutse.

"Osati lero, achemwali. Loweruka kukubwera mlendo wochokera kulikulu kudzatsegulira. Ndikufuna mudzalowe ng'oma zikulira, onse amene ankakuyang'anani pamasitepe paja akuona."

"Amenewo theka lawo lili kumanda. Ukufuna ndikawadzutse?"

"Mwadikira zaka zonsezi. Loweruka ndi patali?"

"Ine sindinapemphe ng'oma. Tsegula ndilowe, ndione, nditulukemo. Mboni zikhale ng'ombezi."

Ezekiele anaseka, koma mutu unali utauma kale. M'maganizo mwake chithunzi chinali chitajambulidwa: mlendo akudula riboni, khamu likupatuka, Yunike akulowa nthungululu zili pambuyo. Mchemwali wakeyo anamuyang'ana kuchokera pansipo, nasiya chogwirira chija pang'onopang'ono.

"Chabwino, adokotala," anatero. Anali asanamutchulepo choncho.

Loweruka linafika ndi eni ake. Masiku amenewo mwambo wotere sunkakhala wa womanga nyumba; unkakhala wa chipani. A Gerishon, tcheyamani wa m'deralo, anafika m'mamawa ndi anyamata awo a malaya ofiira, nayamba kuloza uku ndi uku. Mipando ya akuluakulu anaindandalika pakanjira kaja, poti ndipo panali pokwera bwino. Msewu anautseka kuti galimoto ya mlendo isakumane ndi ndowe, choncho ngolo ya Yunike inaimitsidwa kutali, kuseri kwa chigayo.

Ezekiele anawatengera pambali. "A tcheyamani, pali mawu amene ndinapangana ndi achemwali anga. Riboni ikadulidwa, ayambe ndiwo kulowa."

A Gerishon anamwetulira ngati akulankhula ndi mwana wodwala malungo. "Adokotala, mwakhalitsa kunja eti? Mlendo wa boma ayende pambuyo pa munthu wokwawa? Mawu amenewo ndawamva ine ndekha, ndipo ndawaiwala kale. Musandikumbutse."

Panthawiyo munthu ankatha kusowa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo. Ezekiele anayang'ana chitseko chake, nayang'ana anyamata aja, n'kuisiya nkhaniyo pomwepo.

Galimoto inafika dzuwa lili paliwombo. Amayi anavina mpaka fumbi linaphimba mapiri. Yunike anali atayamba kale ulendo wochokera kuchigayo, akudzikoka pakati pa khamu, ndipo chimene ankaona ndi miyendo yokhayokha: ya m'nsapato, yosavala, yovina. Wina anamuponda chala osatembenuka n'komwe. Atafika poti n'kuona chitseko kudzera pakati pa mawondo a anthu, lumo linali litadya kale riboni. Mlendo anaona chogwirira cham'munsi, nafunsa moseka ngati chipatalachi n'cha ana a mkaka. Akuluakulu onse anaseka naye. Mlendoyo anakankha chitseko, nalowa, nayamikira utoto, ndipo asanamalize botolo la zoziziritsa kukhosi anali m'galimoto kubwerera.

Khamu litamwazikana, Ezekiele anamupeza mchemwali wake pansi pa mtengo, akumanga chala ndi kansanza.

"Achemwali, tiyeni tsopano. Mipando yachotsedwa, chitseko chili chotsegula."

"Ndachiona. Chimatseguka bwino."

"Ndikunyamuleni?"

"Unamanga nyumba yoti munthu asanyamulidwe. Usaiwononge." Anavala mapatapata ake m'manja. "Uza mwini ngolo abwere nayo pafupi, msewu autsegula."

Chipatalacho chinagwira ntchito zaka zambiri, ndipo chinachita zodabwitsa. Ana amene anabwera chokwawa ankabwerera ataimirira ndi zitsulo m'miyendo, amayi awo akulira ndi chimwemwe panjira yonse. Abambo othyoka pogwa m'mitengo ya manachesi anabwerera kumunda. Mphasa zonse za m'chipinda chodikirira ankaluka ndi Yunike, n'kumazitumiza pangolo, zikatha n'kutumizanso zina. Ezekiele akapita kukamuona ankalandiridwa bwino, ankaseka, ankakumbutsana za makolo. Koma akangoyamba nkhani ya chitseko, Yunike ankafunsa za mvula.

Kiyi uja anali m'thumba tsiku limene dzanja la mwini lonjezo linali pachogwirira. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Yunike anamwalira chaka cha chilala chachikulu, asanalowemo. Woyamba kulowa m'chipatala chopanda masitepe anali mlendo wochokera kulikulu.