A Hedi Amene Ankawerenga Tsamba Loyamba Lokha

Fanizo ili ndinalimva koyamba pa siteshoni ya Liwonde, chaka chimene ndinasiya ntchito yomata mabuku ong'ambika ku Zomba. Tinkadikira sitima imene sinabwere. Analinena anali bambo wina wogulitsa malamba. Dzina lake ndinaliiwala, koma mawu ake ndayenda nawo mpaka ku Tete ndi kubwerako. Poti inu ana a mlongo wanga mukuyamba koleji Lolemba, ndikusiyireni.

Panali munthu wina, mphunzitsi wamkulu wa pulayimale kudera kolimidwa fodya. Ataphunzitsa zaka makumi awiri, anapatsidwa tchuthi kuti akatenge digiri. Imvi zinali zitayamba. Anzake a m'kalasi anali amsinkhu wa ana ake, ndipo onse ankamutchula kuti a Hedi.

Sabata yoyamba, ophunzira atsopano anaitanidwa ku laibulale kuti akaphunzire kufufuza zolembedwa pakompyuta. A Hedi anafika pakhomo n'kusuzumira. Wophunzitsayo anali Esinati, mwana amene a Hediwo anamuphunzitsa sitandade sikisi, yemwe tsiku lina anamugwaditsa panja chifukwa chochulutsa mafunso. A Hedi anabwerera pakhomo pomwepo. Zaka zitatu ankalowa mulaibulale molunjika ku mashelefu, tebulo la Esinati akulilambalala.

Chinafika chaka cha kafukufuku. Iye anasankha nkhani imene inkamuwawa: chifukwa chimene ana amasowera m'kalasi nyengo yosankha fodya. Nkhaniyo ankaidziwa ndi maso. Koma womuyang'anira anati maso okha sakwanira, ayambe wawerenga zimene ena anapeza kale.

Pamashelefu panali mabuku ochepa, akalekale. Ndiye anafufuza yekha pafoni. Zolembedwa zinabwera zambiri. Chilichonse chinkamuonetsa mutu ndi ndime imodzi yachidule, kenako n'kutseka. Iye ankakopera ndimezo m'kope lake ndi zilembo zokongola zauphunzitsi, mpaka zinakwana makumi anayi.

Womuyang'anira anawerenga ntchitoyo, naloza dzina limodzi.

“Ofufuza awa anafunsa ana angati?”

A Hedi anayamba kutembenuza masamba a kope lake.

“Nanga anafunsa m'boma liti?”

Anatembenuzanso tsamba lina.

“A Hedi, mwakhala mukuwerenga zikwangwani za pakhomo. M'nyumba simunalowemo. Ndikupatsani masabata awiri.”

Tchuthi chake chinkatha mwezi womwewo. Akalephera, akanabwerera chimanjamanja kusukulu kumene aphunzitsi anzake anamuperekeza ndi nyimbo.

Anakwera basi kupita ku koleji ina yakutali kukafuna zolembedwazo zathunthu. Mlonda anati mulaibulale mumalowa ophunzira akomweko okha. Anakwera ina kupita ku ofesi imene anamva kuti imasunga malipoti. Wosunga makiyi anali kumsonkhano. Masiku asanu anathera pamsewu.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi m'mawa, anaima pakhomo la laibulale ya koleji yake. Anaima nthawi yaitali. Kenako analowa, naima pamzere kumbuyo kwa ana a chaka choyamba. Itafika nthawi yake anati:

“Esinati... pepani, Madamu. Ndabwera kudzafunsa.”

Esinati anaimirira. “Aphunzitsi, zaka zitatu mwakhala mukudutsa pano ngati patebulo panga pali njuchi. Khadi lanu lili pomwepo?”

Analitulutsa m'thumba la malaya. Esinati anamukhazika pakompyuta, natsegula tsamba la laibulale, pamene koleji inaika nkhokwe za zolembedwa zotsegulira ophunzira ake. Analoza nambala imene inali m'munsi mwa chithunzi cha pakhadi.

“Lembani nambala iyi apa. Mawu achinsinsi musankhe nokha, ine ndiyang'ana kumbali.”

A Hedi analemba ndi chala chimodzi. Kenako analemba mutu woyamba wa m'kope muja. Tsamba loyamba linabwera, lomwe lija ankalidziwa. Anatsitsa pang'onopang'ono, akudikira kuti litseke. Linabwera lachiwiri. Lachitatu. Mpaka la makumi awiri ndi chisanu ndi chimodzi.

“Zonsezi?”

“Zonse. Za m'kope mwanumo zambiri zitseguka. Zimene zikane tikupempherani ku laibulale ina. Ndipo mukalowera patsamba lathuli, ngakhale pafoni panu zitseguka.”

A Hedi anatsamira mpando, napuma mpweya wautali ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni. Anaseka, maso atadzaza misozi.

“Ndiye khadi ili ine ndakhala ndikungolionetsa kwa alonda pageti.”

“Ndi polowa m'mayeso,” anatero Esinati. “Osaliderera.”

“Mwana iwe, ndinakugwaditsa chifukwa cha mafunso.”

“Pamiyala, aphunzitsi, dzuwa likuswa mtengo. Koma sindinasiye, ndipo lero mafunso ndiyo ntchito yanga. Sendezani mpando, ndikuonetseni kusankha za zaka zaposachedwa ndi za kwathu kuno.”

Anawerenga masiku asanu ndi atatu. Anapeza kuti zina mwa ndime zimene anakopera zinali za mayiko osalima fodya n'komwe, nazichotsa. Tsiku lija litakwana, womuyang'anira analozanso dzina lomwe lija.

“Anafunsa ana angati?”

“Mazana anayi ndi khumi ndi awiri, m'maboma awiri. Koma makolo sanawafunse. Pamenepo ndi pamene ine ndayambira.”

Womuyang'anira anatseka cholembera chake. A Hedi anabwerera kusukulu kwawo ndi pepala la digiri.

Fanizo lathera pamenepo. Ine koleji sindinaipondeko. Ndinaphunzira m'mabuku amene ndinkamata, ndinkayamba ndawerenga ndisanapake guluu. Ambiri analibe masamba omaliza, ndipo mpaka lero pali nkhani zimene sindidziwa kuti zinatha bwanji. Njala ya tsamba losowa ndimaidziwa. Inu simukhala nayo, pokhapokha mutaifuna nokha. Akakupatsani khadi, funsani kuti limatsegula chiyani. Akakuitanani ku laibulale sabata yoyamba, pitani. Musakopere ndime ya pakhomo n'kumati mwawerenga. Ndipo wokhala patebulo uja, kaya ndi wamng'ono kwa inu, kaya munakangana naye, imani pamzere mumufunse. Manyazi anadyera a Hedi zaka zitatu. Funso linawatengera mphindi khumi.

Ayi mlongo, musayale mphasa, sindigona. Lole ya ku Jenda imanyamuka hafu seveni, ndipo dalaivala wake sadikira munthu. Iwe, tandipatsira chipewa changa icho chili pawindo.