Penti Wakuda wa Mkamwini

A Nkhwazi anaitana mkamwini wawo, Lufeyo. "Mundipentere galimoto yangayi pakhomo pompano. Za penti muona nokha, mkamwini sadandaula."

Lufeyo anawomba m'manja mwaulemu. M'mawa mwake anafika ndi chitini cha penti wakuda, n'kuyamba kupaka chitseko cha galimotoyo ndi burashi.

"Mwamutenga kuti?" anafunsa apongoziwo akumwetulira.

"Kwa a Dzonzi, okhoma mabokosi a maliro aja, bambo. Andipatsa ulere. Angoti galimotoyi ikada bwino, muziwanyamulirako maliro Loweruka lililonse. Ine ndakuvomerani kale."

A Nkhwazi anatsomphola burashi ija m'manja mwake.

"Pukutani msanga asanaume! Dzimbiri limeneli ndakhala nalo zaka khumi, silinandilumepo."

Lufeyo anapukuta bwinobwino, n'kukakhala pamthunzi.