Kachere ndi Dziwe la a Kaphwiti

Kalekale, tauni isanadzaze mashopu, kunali bambo wina dzina lake a Kaphwiti, katswiri wokonza minda yopumirako anthu. Koma makani ake munthu ameneyo! Anzake ali kalikiliki kudzala maluwa achizungu, iwo anamanga dziwe la simenti, lalitali, lowongoka ngati chingwe, loti ukaima kumapeto kwake phiri lonse limaoneka m'madzi. Pambali pake anadzala kachere mmodzi, basi. Anthu anayamba ndi kuwaseka, kenako omwewo n'kumabwera ndi alendo awo kudzaona.

Atamwalira, munda unatsala m'manja mwa mwana wawo Ndaziona. Nanga kachere inu simukumudziwa? Mizu yake ilibe ulemu. Inalowa pansi pa dziwe, simenti n'kung'aluka, madzi n'kumatha. Akhonsolo anamuuza mosapita m'mbali kuti dziwe likagumuka ndi mvula ikubwerayo, munda autseka, malowo apatse omanga mashopu.

A Gomonda, amene anaphunzira ntchito kwa malemuwo, anafika ndi macheka. Anati luso lonse lili padziwe. Mtengo umamera paliponse, koma mzere wowongoka uja, ndi phiri lake m'madzi, palibe angaubwereze.

Mayi ake a Ndaziona anakakhala patsinde pa kachereyo, osasuntha. Anati simenti anamanga ndi amisiri olembedwa, pamene kachere anadzala amuna awo ndi manja awoawo, pamalo pomwe anakwirira mchombo wa mwanayo.

"Mwanawe," anatero, "ukadula mtengo uwu, uyambe wadula ine."

Mng'ono wa malemuwo, a Chibwe, anangoseka. Achimwene awo sanali chitsiru, anatero, kachere ankamudziwa bwino. Anamuika pomwepo dala, kuti tsiku lina mtengo udzagonjetse simenti anthu akuona. Ndiye asiye zonse mmene zilili, akhonsolo atseke asatseke.

Ndaziona zinamukulira. Ankangozungulira m'mundamo ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo, mtima uli kuwawa, akukwiyira bambo ake omwe anapita osanena kanthu. Adule, ataya mayi ake. Asadule, munda wonse upita, kachereyo pamodzi. Kusamutsa dziwe nakonso sikukanatheka, poti phiri limalowa m'madzi pamalo pokhapo.

M'mawa wina anadzuka mitambo itada bii chakuphiri. A Gomonda ali chilili ndi macheka, mayi ali khale patsinde, onse maso ali pa iye.

Tsono inu mwakhala chetenu, tandiuzani: ntchito ya a Kaphwiti ndi iti, dziwe kapena mtengo? Ndipo Ndaziona amvere yani mvula isanagwe?