Tinenenji Akana Kutsekeredwa

Pa kiliniki ya esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Masambanjati, a Reinford, omwe anthu ankangowatchula kuti adokotala, anali ndi lamulo losapindika: wodwala akalowa, chitseko chitsekedwe. M'chaka cha 2003, chifuwa chachikulu chinkasesa m'malaini a antchito ngati moto wolusa.

Tsiku lina kunabwera Tinenenji, mayi wothyola tiyi, atangotuluka m'chipatala chachikulu komwe anagonekedwa ndi chifuwacho. Ankayenera kumabwera kudzapimidwa ndi kulandira mankhwala. Ataitanidwa, anangoima pakhomo.

"Lowani mayi, mutseke."

"Ndipimeni chitseko chili chitsegulire, adokotala."

"Pano si pamsika wa Bvumbwe. Anzanu akudikira."

A Reinford anadzuka n'kuchimenyetsa okha chitsekocho. Pomwepo mpweya unamuthera Tinenenji, thukuta lili kamukamu, maso ali tong'o. Anawakankhira kukhoma n'kutulukira panja. Atapezako mpweya, anatembenuka pamaso pa odwala onse.

"Chifuwa chinandilephera, ndiye mukhale inu? Kuli bwino ndikafere m'munda dengu lili kumsana, koma umo sindilowanso!"

"Mwano basi," anatero a Reinford. "Akatsokomola magazi abwera yekha."

Sanabwere. Mankhwala anadukiza, chifuwa chinabwerera ndi ukali, ndipo kamwana kake kanayamba kutsokomola nakonso. Namwino Salome atawauza zimenezi, a Reinford anasowa mtengo wogwira. Anavula jasi loyera n'kutsetserekera kumalaini.

Anamupeza pakhonde ataonda ngati phesi, koma khosi lili njo. Mpando sanawapatse. Iwo anakhala pa njerwa mpaka mthunzi wa nyumba unawafika kumapazi. Ndiye Tinenenji anayankhula.

"Kuchipatala kuja anatitsekera m'kachipinda awiri, ine ndi mng'ono wanga Teleza. Iye akutsamwa, ine ndikumenya chitseko mpaka manja kutupa. Anadzatsegula Teleza atazizira kale. Inu munandifunsapo?"

"Sindinafunse, mayi. Nanga tichite bwanji?"

"Muzindipimira panja, pansi pa bulugamu paja. Ndipo musanandigwire muzindiuza. Mukadzakwezanso mawu, ndanyamuka."

"Zamveka."

M'mawa mwake mpando ndi tebulo zinatulutsidwa. Odwala ena, amene ankangopirira chamumtima, nawonso anayamba kunena zowaopsa: wina singano, wina fungo la mankhwala okolopera. Mayi ndi mwana anamaliza mankhwala awo, ndipo mvula itagwa tiyi n'kuphukira, Tinenenji anabwerera m'munda ndi dengu lake. M'chipinda muja sanapondemo mpaka kale, ndipo palibe anamukakamizanso.

A Reinford anadziwa mochedwa, mwana wosalakwa atadwala chifukwa cha liuma lawo, kuti bala la mumtima silioneka ndi makina opimira, ndipo mwini wake saliulula kwa womukalipira. Akuluakulu ananena zoona: kuona maso a nkhono n'kudekha.